Nanga bwanji ku Lundazi Achewa ndi Atumbuka amavotera limodzi?

Wa ku Chanco: Akuluakulu mwaswera bwanji. Pali kankhani kakundisowetsa mtendere, pa kalasi tikuwerenga kafukufuku wa mzungu wina wa ku America dzina lake Daniel Posner, anatuluka mu 2004, nde funso lake linali loti chifukwa chani Achewa ndi Atumbuka kuno ku Malawi amayang'anana ndi diso lofiira pandale pomwe ku Zambia anthu omwewa ali chimodzi. Anasankha midzi inayi ya mmalire, Mkanda wa ku Mchinji ndi Mkanda wa mbali ya ku Zambia kwa Achewa, kenako Kapopo mbali yathu ino ndi Mwase Lundazi mbali inayo kwa Atumbuka, midzi yoyandikana mvula yake imodzi chimanga chake chimodzi kungoti pakati panadutsa malire amene atsamunda anangotsata mtunda ogawa madzi, ena kutsikira ku Luangwa ena kunyanja. Anthu amafunsidwa kuti mungavotere pulezidenti wa mtundu winawo? Mungakwatirane nawo? Okana anachuluka kwambiri mbali ya Malawi kuposa mbali ya Zambia

Wa ku Joni: Nde mzungu anachoka ku America konse kudzatiuza zimene agogo anga amadziwa kale kkkk

Wa ku Chanco: Dikirani kaye achimwene sindinamalize. Chimene chinandigwira mtima ndi choti mbali zonse ziwiri anthu amatchula kusiyana komweko, akuti Achewa ndi a gule wamkulu Atumbuka ndi a vimbuza, kwa Achewa mwamuna amapita kuchikamwini ana ndi a kuchikazi, kwa Atumbuka pali lobola wa ng'ombe mkazi amapita kwa mwamuna ana ndi a bambo. Ndekuti a ku Zambia sikuti sadziwa kuti amasiyana, amadziwa bwinobwino, koma sizimafika pa voti. Iye yankho lake akuti ndi masamu basi. Ku Malawi mitundu iwiriyi ndi yaikulu moti wandale akhoza kumangapo chipani pa mtundu umodzi nkumaopseza anthu ake ndi winawo, pomwe ku Zambia onse awiri ndi ochepa, olo uwaphatikize sangakupatse State House paokha, nde andale amangowaunjika thumba limodzi nkuwatcha anthu a kummawa

Mlamu wa ku Chipata: Apa nilowepo alamu anga chifukwa mwanitchula. Ni zoona ndithu. Ine ambuye anga achikazi ni Atumbuka a ku Lundazi, atate ni Achewa a ku Katete, ku Lusaka tonse amatiitana chabe kuti a kummawa kapena a Chinyanja, palibe amene ali ndi nthawi yofunsa kuti Mchewa, Mnsenga, Mngoni kapena Mtumbuka. Mpikisano wathu uli ndi Abemba, Atonga na Alozi. Nthawi ya a Rupiah Banda mau anali akuti wako ni wako, ndipo wako ameneyo anali aliyense wochokera ku Eastern Province

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga wa ku Chanco, ndawerenga zonse mwalembazi ndipo sindikutsutsa kuti masamu alipo, koma ine zimandiwawa munthu akatenga chilonda cha anthu nkuchisandutsa masamu. Ife akumpoto sitinadzuke mmawa wina nkuwerenga kuti tilipo angati kenako nkuyamba kukwiya. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi mmasukulu, Chinyanja nkuchitcha Chichewa nkukhala chilankhulo cha dziko lonse. Kenako kunabwera kota yosankhira ana ku yunivesite potengera boma lochokera, chifukwa akuti akumpoto achuluka, kuchuluka kwake kochokera ku sukulu za mishoni ya Livingstonia zimene zinayamba kale anzathu asanakhale nazo zambiri. Nde mu 1989 kunabwera lamulo loti mphunzitsi aliyense abwerere kuchigawo kwawo. Ine ndinali mnyamata ndangoyamba ntchito pa sukulu ina chigawo chapakati, ndinali nditadzala chimanga kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi chitayamba kumasula, ndinachisiya chomwecho. Tinakwera lole ndi matilesi, mbaula ndi katoni ya mabuku, ana a Sitandade 8 ataima pamsewu kutiyang'ana mayeso atatsala pang'ono. Mundiuze kuti zimenezo ndi masamu?

Adimini: Pepani aphunzitsi. Anyamata tiyeni tiyankhe mwaulemu apa, nkhaniyi ndi ya misozi kwa ena

Wa ku Chanco: Pepani kwambiri aphunzitsi, sindimafuna kupeputsa zimene munadutsamo. Mmene ndamvera ine, mfundo yake siyoti mbiri ilibe ntchito, koma funso ndi loti nchifukwa chani wolamulira anaona kuti kuchita zimenezo kumupindulira. A Kamuzu anali a ku Kasungu ndipo Achewa anali ochuluka moti kuwakweza kunali ndi phindu pa mpando wawo. A Kaunda akanati akweze Achewa okha ku Zambia akanapindula chani, anthu ochepa chonchija? Ndekuti chilondacho ndi chenicheni koma mpeni unanoledwa ndi chiwerengero

Aphunzitsi opuma: Mwayankha mwanzeru koma simunandikhutitse. Munthu wina pampando omwewo ndi chiwerengero chomwecho akanatha kusankha zina. Mukamati masamu mumakhala ngati mukumuchotsera mlandu munthu

Mlamu wa ku Chipata: A tichala, niwonjezeko kanthu kamene mwina simudziwa. Kuno ku Zambia zilankhulo zimene boma linasankha za pa sukulu na pa wailesi ni 7, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda na Chiluvale. Chitumbuka palibepo. Mwana wa ku Lundazi kunyumba akamba Chitumbuka koma ku sukulu buku ni la Chinyanja. Anthu amadandaula inde, koma sizinafike poti Mtumbuka azonde Mchewa chifukwa cha ichi. Manje chinthu chimodzimodzi, uku chinabala chidani uku sichinabale

Aphunzitsi opuma: Imeneyo sindimaidziwa alamu. Ndiiganizira. Komabe kwanuko sanakukwezeni lole

Mai a Chisomo: Ine sukulu sindinapite patali koma malire a Mwami ndimadutsa mwezi ndi mwezi kukaoda zitenje ndi sopo ku Chipata, komanso chaka chilichonse mu Ogasiti timapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Gawa Undi, kumene kuja mumakumana Achewa a ku Malawi a ku Zambia ndi a ku Mozambique gule kuchita kusefukira. Chimene ndimaona ine nchoti Mchewa wa ku Katete akamakamba za Mtumbuka amangoseka za lobola basi, koma ife tikangokwera minibasi kubwerera ku Mchinji nkhani ija imasanduka ya mavoti, akuti akumpoto ndi odzikonda akalowa pa ofesi amadzadza abale awo. Anthu omwewo, tsiku lomwelo, zitenje zomwezo za Kulamba tavala

Wa ku Joni: Kuno ku Joni ndi chimodzimodzi mai, tikakumana ndi mavuto a zenofobiya palibe amafunsa kuti ndiwe Mlhomwe kapena Mtumbuka, tonse ndife Amalawi, maliro akachitika timasonkha limodzi kutumiza thupi kumudzi. Koma ikangofika kampeni magulupu a WhatsApp amagawikana pakati ngati chikwanje chadutsa

Wa ku Chanco: Eeh ndi zomwezo ndendende achimwene, bwalo likasintha timu imasinthanso. Ku Joni bwalo ndi lalikulu nde Mmalawi yense ndi wako

Malume a ku Ndirande: Ine ndili ndi funso lina. Kafukufuku ameneyu ndi wa 2004, mwana obadwa chaka chimenecho pano ali ndi ana ake. Zikugwirabe ntchito? Chifukwa ine ndikukumbuka 1994 inde, a Chakufwa Chihana ndi AFORD anatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, MCP pakati, a Muluzi ndi UDF kummwera, mapu ake ngati mbendera ya mizere itatu. Koma 2009 a Bingu anapeza 66 peresenti, kumpoto anasesa, olo pakati anadyako kwambiri. Chiwerengero cha mitundu sichinasinthe pakati pa 2004 ndi 2009, chinasintha ndi makuponi a feteleza amene anayamba 2005 ndi chimanga kudzadza nkhokwe. Nde masamu anu aja anapita kuti chaka chimenecho?

Wa ku Chanco: Malume mwagunda penipeni, ndipo ofufuza ena awiri Karen Ferree ndi Jeremy Horowitz analemba za chisankho chimenecho mu 2010, kuonetsa kuti kuvota motsata chigawo kunatsika nthawi ya a Bingu yoyamba ija. Ndekuti Amalawi sikuti anamangidwa unyolo ku mtundu, boma likagwira ntchito yooneka ndi maso anthu amaoloka. Kungoti sizinakhalitse, 2014 tinabwereranso mmakola athu, a Peter Mutharika anawina ndi 36 peresenti yokha

Malume a ku Ndirande: Ndipo musaiwale kuti a Bingu omwewo atangowina anabweretsanso kota ija, akumpoto amene anawavotera aja nkuwalipira chomwecho

Aphunzitsi opuma: Mwandilankhulira malume

Nachisale: Ndakhala ndikungowerenga chamumtima koma pa nkhani ya makafukufukuwa ndilankhuleko chifukwa ndinagwirapo ganyu yofunsa mafunso mmidzi ndi bungwe lina, sinditchula dzina. Amatipatsa tabuleti, malo oyambira amasankha ndi kompyuta, ukafika umawerenga nyumba mwakuti nkulowa yakutiyakuti, pakhomopo usankhenso munthu mmodzi mwamaere, ukafunsa bambo nyumba ino inayo ufunse mayi. Vuto limayamba ukangotsika galimoto. Mudzi onse umadziwa kuti kwabwera olemba maina, azimayi kubwera ndi ziphaso zaunzika mmanja kuti mutilembeko za mtukula pakhomo, iwe kufotokoza kuti ayi ife tingofuna maganizo anu palibe cholandira, iwo osakhulupirira. Tsiku lina kudera lina ku Dowa gogo wina anandiyalira mphasa bwinobwino, ndafunsa za madzi za chipatala akuyankha momasuka mpaka kudandaula za mjigo owonongeka, nditangofika pa funso loti chisankho chitachitika mawa mungavotere ndani anakhala chete, kuyang'ana tabuleti ija, kenako akuti mwanawe kwanu nkuti? Nditanena kuti ku Mulanje anangoti voti ndi chinsinsi, nkuyamba kusola mtedza wawo. Mnzanga wa ku Ntchisi amene tinali naye timu imodzi samavutika chonchi kumeneko, koma titapita ku Phalombe zinatembenuka iye ndi amene amabwera ndi mafomu odzadza sindikudziwa sindikudziwa

Wa ku Chanco: Asisi zimene mwanenazi zinafufuzidwanso, Posner yemweyo ndi anzake atatu, Claire Adida, Karen Ferree ndi Amanda Robinson, anatulutsa pepala mu 2016 atasanthula mayankho a Afrobarometer, kafukufuku ofunsa anthu maganizo awo, mmaiko angapo a mu Africa nkupeza kuti munthu amayankha mosiyana ofunsayo akakhala wa mtundu wake ndi akakhala wa mtundu wina. Komanso Afrobarometer kumapeto kwa mafunso imafunsa kuti mukuganiza kuti watituma ndani, ndipo anthu ambiri ndithu amati boma, chonsecho anauzidwa poyamba kuti si boma

Wa ku Joni: Nde bwanji tizikhulupirira zimenezi? Anthu 1,200 okha amene amawafunsawo kuyankhulira dziko la anthu oposa 17 miliyoni, theka lawo akunama chifukwa cha mantha, ine ayi. Ineyo chibadwire sanandifunsepo, mayi anga sanawafunsepo, amafunsa ndani kodi

Mai a Chisomo: Achimwene a ku Joni inu simunagulitsepo chimanga kwa mavenda eti. Venda samakhuthula thumba lonse, amabaya ndi kachitsulo kaja pamwamba pakati ndi pansi, timaso tingapo tagwera mdzanja wadziwa kale ngati chili chofumbwa kapena chosauma. Chachikulu asabaye malo amodzi okhaokha, chifukwa ife alimi timadziwa kuika chabwino pamwamba kkkkk

Nachisale: Kkkk mai mwaiphula, nchifukwa chake timayenda mpaka kumidzi koti galimoto imakanika timalize wapansi. Ukangofunsa a mtauni okha kapena a pa Facebook wabaya pamwamba pa thumba

Malume a ku Ndirande: Komanso tinene chilungamo, chaka cha 2025 a bungwe lofufuza la IPOR a ku Zomba aja atatulutsa kafukufuku oti a Mutharika ali patsogolo anthu anawatukwana heve kuti agulidwa, zotsatira zitatuluka pa 24 Sepitembala a Mutharika 56.8 a Chakwera 33. Amene amatukwana aja sanabwerenso kudzapepesa. Mchitidwe wathu ndi omwewo, kafukufuku akakomera chipani chako ndi sayansi, akakomera anzako ndi wogulidwa

Wa ku Joni: Chabwino pamenepo ndagonja pang'ono. Pang'ono

Wa ku Chanco: Tsono apa mpamene ndimafuna tifike, chifukwa ndikufuna kulemba pepala langa la chaka chomaliza pa nkhani imeneyi. Ngati Posner akunena zoona kuti ndi masamu, ndekuti malamulo a masamuwo akasintha khalidwe la andale lisinthenso. Ndipo kwathu kuno anasintha. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu aja, a Potani, a Kamanga, a Kapindu, a Madise ndi a Tembo, atafafaniza chisankho cha tipeksi cha 2019 ananenanso kuti opambana ayenera kuposa theka la mavoti, 50+1 ija, Supreme Court nkuvomereza mu Meyi. Kale umatha kulowa ku Sanjika ndi 36 kapena 38 peresenti, a Mutharika mu 2019 anali ndi 38.6, ndekuti chigawo chako ndi timadera tina pang'ono zakwana. Pano taonani kalembera wa 2018, Achewa 34 peresenti, Alhomwe pafupifupi 19, Ayao 13, Angoni 10, Atumbuka 9. Palibe mtundu ungafike 50 paokha, olo Achewa onse mpaka wakhanda atavota. Ndiye Mtumbuka amene kale unkamugwiritsa ntchito ngati choopsezera anthu ako pano ukumufuna kuti akukwanitsire nambala

Malume a ku Ndirande: Nzoona, 2020 Tonse Alliance zipani 9 a Chakwera ndi malemu a Chilima nkupeza 58 peresenti, kumpoto kunavotera tambala wakuda amene makolo awo ankamuthawa. 2025 AFORD ya a Enoch Chihana inapita ndi DPP, mavoti ambiri akumpoto nkutembenukira kwa a Mutharika

Mai a Chisomo: Koma abale musaiwale mafuta. Ife tinagona pa filing'i siteshoni, shuga kusowa, ndalama anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu yense ku Chipata anakwera kawiri tsiku limodzi, kwacha ya ku Zambia imene tinkaiseka ija kutiposa kutalitali. Ndikudziwa Achewa anzanga enieni a gule amene sanapite nkomwe kukavota chifukwa chokhumudwa, ena anavotera kwina mwakachetechete. Nde musamangoti migwirizano ya zipani, mthumba munalankhulanso

Wa ku Chanco: Eya mai, ndipo vuto la pepala langa ndi limenelo, kusiyanitsa kuti apa yagwira ntchito ndi 50+1 apa ndi njala, chifukwa zonse zinachitikira limodzi ndipo zisankho za lamulo latsopanoli zangochitika ziwiri zokha. Aphunzitsi anga akuti ndiyerekeze ndi Zambia, kumene 50+1 inalowa mu 2016

Mlamu wa ku Chipata: Bwelani alamu muzagona kwathu. Koma muzapeza kuti kuno mu 2016 lamulo lamene ilo silinathetse kugawikana, mapu anali pakati na pakati, kummawa na kumpoto a Lungu, kummwera na kumadzulo a Hichilema. Mu 2021 mpamene anthu anaoloka, a Hichilema 59 peresenti, chifukwa cha mitengo ya zinthu na nkhongole na achinyamata osowa nchito. Chimodzimodzi na zimene akamba amai apa

Aphunzitsi opuma: Ndakhala ndikuganizira zija ananena alamu za Chitumbuka ku Lundazi. Mwina mwana wa ku Chanco ali ndi mfundo kuposa mmene ndinavomerera poyamba. Koma ndikufunseni chinthu chimodzi choti mukaike mu pepala lanulo. Kufunidwa chifukwa ukukwanitsa nambala ndi kulandiridwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Inde pano aliyense ofuna mpando amabwera ku Mzuzu, amavala nthenga ku Gonapamuhanya ku Bolero, amalonjera monire mose pa msonkhano anthu nkuimba mmanja. Chisankho chikatha mukayende msewu wa Rumphi kupita ku Nyika mpaka Chitipa mukaone kuti walonjezedwa kangati. Mukafunse anthu funso lachiwiri lija la mzungu wanu, la ukwati, osati la voti lokha. Voti munthu amasintha zaka zisanu zilizonse, koma kupereka mwana wako kubanja la mtundu wina mpamene pamaoneka za mumtima

Nachisale: Funso limenelo ndi lovuta kufunsa aphunzitsi, pamaso pa mlendo wa tabuleti aliyense amati aaa ife tilibe tsankho. Bola kukawerenga mmabuku a maukwati ku tchalitchi ndi kwa DC kuti amene anakwatiranadi ndi angati, kusiyana ndi kufunsa pakamwa

Wa ku Chanco: Asisi imeneyo ndailemba pompano, sindinaiganizepo. Kungoti maukwati ambiri akumudzi amathera kwa ankhoswe salembedwa paliponse, komabe poyambira palipo

Mai a Chisomo: Nde poti mwafika pa ukwati ndiulule, Chisomo wanga yemweyu akufunsiridwa ndi mnyamata wa ku Mzimba, anakumana ku koleji ku Lilongwe. Ine ndilibe naye vuto mwanayo ndi waulemu amagwada popereka moni, koma atsibweni ake a Chisomo, achimwene anga, akuti ng'ombe sakuzifuna chifukwa ukalandira ng'ombe ana apita, mbumba yathu ithera kwa eni. Akuchimuna nawo akuti popanda lobola kwawo sauwerengera ukwati. Takhala pansi kawiri osamvana, ndipo palibe olo mmodzi watchulapo chipani

Wa ku Joni: Kkkkkk a Posner abwere adzakhale ankhoswe

Mlamu wa ku Chipata: Amai landilani ng'ombe izo, atate anga anapeleka kwa Atumbuka a ku Lundazi ndipo ife ana timapita konse konse, Kulamba tilipo, ku Lundazi tilipo

Aphunzitsi opuma: Mai a Chisomo, ngati akuchimunawo ndi a ku Mzimba mufunse kaye ngati ali Atumbuka kapena Angoni, chifukwa kumeneko onse amalankhula Chitumbuka koma pa ng'ombe Angoni sanyengerera. Mundiimbire madzulo ndikuuzeni mmene tinachitira titakwatitsa mwana wa mchemwali wanga ku Dedza, tinapeza njira yoti mbali zonse zisachite manyazi

Mai a Chisomo: Ndiimba aphunzitsi ndikangotseka shopu. Achimwene angawo ndi amene muwakonzekere, ndi ouma mutu ngati chitsa cha mtsatsi chouma

Adimini: Wa ku Chanco tumizani pepala la mzunguyo pa gulupu pano amene ali ndi bandulo awerenge okha, koma likhale lopepuka osati lija munatumiza mwezi watha linatimalizira ma MB